Mutu 4: Galu Atalawa Dzira

1. Kagalu ka pansi pa njanji

Kagaluko anatola ndi Emelia Sebastiano, ndipo sankalola kuti munthu aliyense pa Bangula aiwale zimenezi.

Chinali chaka chimene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambiki ankalowa m'boma la Nsanje mitolo ili pamutu. Dzuwa la mwezi wa Okutobala linali kuswa mtengo. Emelia, mtsikana wa mu Sitandade 6, anali kuchokera kusukulu. Atafika pa kamlatho ka njanji anamva kulira kosasa mawu, ndipo anasuzumira pansi.

Galu wamkazi anali atafa, ntchentche zitamuunjirira. Pambali pake kamwana kake kofiirira, koyera pachifuwa, kankakwawa m'fumbi kufunafuna bere.

Emelia anakhuthula mabuku m'chikwama chake chansalu n'kuikamo kagaluko. Mabukuwo anasenza pamutu.

Bambo ake, a Sebastiano, anali telala pakhonde la sitolo ina kumsika. Atabwera madzulo anakayang'ana kagaluko kwa nthawi yaitali, kenaka anakhala pampando n'kumuitana mwana wawo.

"Mwana wanga, kutola galu n'kosavuta. Ntchito ili pa kulera. Ndikulola kuti akhale pano tione mmene akulire, koma umvetsetse. Galu amaphunzira zimene mwini wake wamuonetsa, ndipo akaphunzira saiwala. Usamupatse chakudya m'mbale ya anthu. Usamugoneke m'nyumba. Chachikulu ndi ichi: asadzalawe dzira. Galu akalawa dzira kamodzi sasiyanso. Adzayenda chisa ndi chisa mudzi wonse uno, ndipo ine sindidzadana ndi anansi anga chifukwa cha galu. Tsiku limene adzadye dzira, pakhomo pano adzachoka. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Emelia analimbikira. Ankaviika kansanza mumkaka wa mbuzi n'kumakayamwitsa. Anakazula nkhupakupa m'makutu, nakasambitsa ndi madzi a masamba a nimu kuti utitiri uthe. Katayamba kuyenda bwino anakapatsa phala la mapira m'phale. Dzina anakatcha Ndatola.

2. Mwana wa kutsidya

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, pakhomopo panafika mtsikana wowonda, mapazi atang'ambika. Anabwera naye ndi mayi wina wa kufupi ndi Mutarara ku Mozambiki, amene anangomusiya n'kupitirira ulendo wake. Dzina lake anali Juliana, mwana wa mng'ono wawo wa a Sebastiano. Mudzi wawo utawotchedwa aliyense anathawira kwake, ndipo za makolo ake panalibe ankadziwa.

"Emelia, uyu si mlendo," anatero a Sebastiano. "Ndi mng'ono wako. Mphasa yako ndi yake, mbale yako ndi yake."

Juliana sankalankhula. Akafunsidwa kanthu ankangogwedeza mutu. Kusukulu anati malo atha, ayembekezere chaka chamawa. Choncho Emelia akanyamuka m'mawa, Juliana ankatsala pakhomo ndi mayi a Emelia, a Teresa, pamodzi ndi abakha ndi kagalu.

Nthawi imeneyo Ndatola anali atayamba kuvuta. Ankachita chimbudzi pakhonde, kutafuna nkhwaira za a Sebastiano ndiponso kuthamangitsa ana a bakha. Emelia anathyola kashamu ka bwemba. Akabwera kusukulu ankamuimika galuyo pabwalo ngati mwana wochedwa kufika pamzere.

"Khala pansi. Ndati khala pansi, Ndatola."

Galu akapanda kumva, kashamu kankalira. Posakhalitsa Ndatola akaona Emelia ankapinda mchira n'kukabisala pansi pa nkhokwe.

Juliana analibe shamu. Ankatola timitu ta nsomba zouma timene a Teresa ankataya, n'kumanga pansonga ya chitenje. Galu akangotha kudya ankamunyamula kupita naye kuseri kwa mtengo wa bwemba, n'kudikira pomwepo mpaka atadzithandiza. Akatero ankamupatsa kamutu kamodzi. Masana ankakhala pansi pakati pa ana a bakha, galu ali pamiyendo. Akafuna kudumphira kabakha, Juliana ankamugwira pakhosi mofatsa.

"Leka," ankanong'ona.

Galu akabweza mutu, iye ankamusisita n'kunena liwu la Chisena lotanthauza kuti zili bwino: "Pyadidi."

A Teresa atamva koyamba anasiya kupeta, namvetsera ali kuseri kwa chitseko. Amenewa anali mawu oyamba kutuluka m'kamwa mwa mwanayo chifikireni.

3. Dzina lina

Pofika nthawi yopalira, pakhonde panali poyera. Galu ankayenda pa chingwe osakoka, ankagona pakati pa abakha osawakhudza, ndipo akauzidwa kuti akhale pansi ankakhala. Koma liwu lija analimva kambirimbiri mpaka analiyesa dzina lake. A Teresa anayamba kumuitana Pyadidi. Ana a m'mudzi nawonso anatengera.

Lamulungu lina atabwera kutchalitchi, a Sebastiano anakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi mnansi wawo, a Mailosi. A Mailosiwo anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzimo, munthu woweta abakha ambiri, amene mawu ake sankagwa pansi.

"Galu wanuyu ndi waulemu, a Telala," anatero a Mailosi. "Wamuphunzitsa ndani?"

Emelia anadzuka msanga pamphasa. "Ndi wanga, ndinamutola ndine. Onani. Ndatola, bwera kuno."

Galu anali gone pafupi ndi mtondo. Anatukula mutu, nagwedeza mchira pang'ono, koma sanadzuke.

"Ndatola, bwera."

Sanabwere. Nthawi yomweyo Juliana anatulukira ndi ndowa pamutu kuchokera kumjigo. Sanaitane n'komwe. Anangoti chapansipansi, "Pyadidi," galu uja n'kuutsa fumbi kumuthamangira, nakhala pansi patsogolo pake akumuyang'ana kumaso.

Akuluakulu aja anaseka.

"Mwana ameneyu watengera bambo ake," anatero a Sebastiano. "Mng'ono wanga Francisco agalu ankamumvera ngati anthu. Tili anyamata ankapita nawo kuuzimba popanda chingwe." Atatero anapukuta m'maso, naitana Juliana kuti akhale pafupi nawo.

Emelia anaima pakati pa bwalo manja ali lende. Panalibe anamuyang'ananso.

Madzulo ake, akutsuka mbale kuseri, anaponya mbale ya Juliana m'fumbi.

"Tola," anatero amayi ake.

"Atole yekha. Mphasa yanga watenga. Ababa watenga. Tsopano galu wanga watenganso, mpaka kumusintha dzina. Pamene kagaluka kankafa pansi pa njanji iye anali kuti?"

A Teresa anapukuta manja pachitenje n'kukhala pamwala.

"Pamene kagaluko kankafa, iye anali kugona m'bango, akuthawa mfuti. Tamvera, Emelia. Palibe wakana kuti galu unatola ndiwe. Ukanapanda iwe bwenzi atafa. Koma galu sadziwa za amene anamutola, amadziwa dzanja limene likumugwira lero. Lako lili ndi shamu, la mnzako lili ndi nsomba. Ukanakhala wanzeru ukanapita kwa mng'ono wako n'kumuuza kuti akuphunzitse, bwenzi galuyu akumvera nonse awiri. Chimene chakugwirachi ndi nsanje, ndipo ine ndaiona ikupasula mabanja a anthu akuluakulu. Munthu wansanje safuna kuti iye apeze, amafuna kuti mnzake ataye. Pomaliza amataya onse. Iwe uli ndi bambo, uli ndi mayi, uli ndi sukulu. Mnzako ali ndi galu yekhayo. Umulande chimenechonso?"

Emelia anatola mbale ija. Kenaka anapitiriza kutsuka.

4. Pansi pa nkhokwe

Loweruka lotsatira a Teresa ndi Juliana anapita kudimba. Emelia anati mutu ukumupweteka, ndipo anatsala.

Shamu anaitaya. Anatenga mkute n'kukhala pansi monga ankachitira Juliana. Galu anabwera, nanunkhiza mkutewo, kenaka anabwerera kukagona pa chitenje chimene Juliana anasiya pakhonde. Anayesa timitu ta nsomba. Galu anadya, koma atatha anapita kukaima panjira ya kudimba akulira.

Pansi pa nkhokwe bakha wa a Teresa anali ataikira. Emelia anayang'ana kunjira. Kunalibe munthu. Anagwada, nalowetsa dzanja m'chisa, natulutsa dzira limodzi likadali lofunda.

Mawu a bambo ake ankawakumbukira bwino lomwe. Anaima pang'ono dzira lili m'manja. Kenaka analiswa paphale.

"Ndatola, bwera."

Galu ananunkhiza, nanyambita kamodzi, kenaka anamaliza lonse mpaka phale linawala. Ananyambitanso zala za Emelia. Tsiku lonselo anamutsatira ponseponse, kumjigo, kudzala, ngakhale pakhomo la bafa.

Makoko a dziralo Emelia anakwirira m'phulusa la kudzala.

Sanalekere pomwepo. Akapeza mpata ankatenga lina. Posakhalitsa galu anayamba kumuchingamira pa kamlatho ka njanji akamachokera kusukulu, akudumphadumpha ndi kununkhiza chikwama chake. Anzake a m'kalasi ankasirira.

"Mwaona?" ankatero Emelia. "Galu amadziwa mwini wake."

Juliana akati "Pyadidi," galu ankabwerabe, koma maso ali kwa Emelia. Zimenezi zinkamukomera Emelia kuposa china chilichonse.

A Teresa anadandaula kuti mazira akuchepa, naganiza kuti ndi ng'azi ya kumtsinje. Koma m'mawa wina Juliana akutaya phulusa anaima nthawi yaitali kudzala. Pobwera anamuyang'ana Emelia, natambasula dzanja. Munali kakhoko koyera.

"Leka, mkulu wanga," anatero.

"Ukanene," anayankha Emelia. "Tione amene ati amukhulupirire."

Juliana anafumbata kakhoko kaja n'kuchoka. Sanauze munthu.

Emelia anachita mantha ndithu, ndipo anasiyadi. Koma galu sanasiye.

5. Mlandu pansi pa nimu

Tsiku lina chakumadzulo, a Sebastiano atangotsika panjinga, a Mailosi analowa pabwalo akukoka galu ndi luzi. Kukamwa kwa galuyo kunali chikasu chokhachokha. Anthu a nyumba zoyandikana anawatsatira.

"A Telala, galu waulemu uja ndi ameneyu. Ndamupeza m'khola langa. Zisa zitatu wapasula, mazira ofungatira, otsala pang'ono kuswa. Ndipo si lero lokha. Ine ndimayesa ng'azi."

A Sebastiano anavula chipewa. "Pepani, a Tcheyamani. Ndibweza zonse."

"Za kubweza tikambirana. Funso langa ndi lakuti, galu wosiya ana a bakha kuyenda pamsana pake wadziwa bwanji kukoma kwa dzira? Alipo wamulawitsa."

A Sebastiano anaitana atsikana awiri aja, nawaimika patsogolo pawo.

"Juliana, mwana wanga, unamupatsapo dzira galuyu?"

"Nkhabe, baba," anakana m'Chisena. "Ine ayi."

"Emelia?"

Juliana anatembenuka n'kumuyang'ana mkulu wake. Sanamuloze, anangomuyang'ana. Galu nayenso anakoka luzi kufuna kupita kwa Emelia, mchira ukugwedezeka.

Emelia anayang'ana pansi. "Ine ndimakhala kusukulu, ababa. Amene amaswera naye tsiku lonse ndi iyeyu. Paja mumati ndiye katswiri wa agalu."

Anthu anayamba kung'ung'udza. A Mailosi anagwedeza mutu.

"Ndinadziwa. A Telala, ndakhala ndikukulemekezani. Anthu obwerawa malo awo alipo, kumsasa wa othawa nkhondo, kumene amalembedwa maina n'kulandira ufa. Ine ndinatseka maso chifukwa munati ndi mwana wa m'bale wanu. Akuluakulu akandifunsa kuti m'nthambi mwanga muli obwera angati, ndimayankha mozemba chifukwa cha inu. Lero ndi mazira. Mawa ikasowa mbuzi anthu adzaloza ine, kuti ndikusunga anthu osadziwika. Sabata ikubwerayi galimoto yopita kumsasa ikadzafika, mwanayu adzakwere."

"A Tcheyamani, ndi mwana wamng'ono. Alibe wina aliyense."

"Ndanena."

Anthu atabalalika, a Sebastiano anamangirira galu kumtengo wa nimu. Analankhula osakweza mawu.

"Galuyu mawa apita. A Paison, ogula nsomba aja, akhala akufuna galu wolondera kudoko. Kumeneko kulibe abakha. Za iwe Juliana, ndikapitanso kwa a Mailosi mtima wawo ukatsika. Koma ana inu mumve. Kulakwa ndi kwa munthu aliyense. Ine pamakina ndimadula nsalu ya mwini molakwika, ndipo ndimapita kukamuuza mwini wakeyo asanaione yekha. Chimene sindifuna pakhomo panga ndi bodza. Mmodzi mwa inu wandinamiza lero pamaso pa anthu. Sindikudziwa kuti ndani. Amene wachita zimenezo adziwe kuti wasenzetsa mnzake katundu amene si wake, ndipo katunduyo ndi wolemera kuposa mmene iye akuganizira."

Chakudya chamadzulo Juliana sanadye. Anakhala pansi pa nimu, mutu wa galu uli pamiyendo pake, akumuchotsa chisoso m'ubweya. Galuyo sanayang'anenso kwa Emelia. Emelia anaona zimenezi ali pakhonde, ndipo ngakhale pamenepo mtima unamuwawa kuti galu wasankha mnzake.

6. Mapazi m'mbali mwa njanji

Kutacha, Emelia anapeza mbali ina ya mphasa ilibe munthu. Anayesa kuti Juliana walawirira kumjigo. Koma ndowa inali pamalo pake, ndipo pamtengo wa nimu panalibe galu ngakhale chingwe.

A Teresa anazungulira nyumba zonse akufunsa. Anapita kumjigo, kudimba ndi kutchalitchi. Pomaliza anakumana ndi mayi wina wogulitsa nkhuni, amene anati m'bandakucha anaona kamtsikana kali ndi galu pa chingwe, kakutsata njanji.

"Kulowera kuti?" anafunsa a Sebastiano.

"Kummwera, njira ya ku Nsanje. Ndinakafunsa kuti ukupita kuti m'mawa uno. Kanati kwathu, kukafuna baba."

A Teresa anakhala pansi pomwepo, manja ali kumutu. Aliyense ankadziwa kuti njanji imeneyo ikapitirira Nsanje imakafika kumalire, ndipo kutsidya kwa malirewo mfuti zinali kulirabe.

A Sebastiano anatulutsa njinga n'kuyamba kupopa tayala. Emelia anaima pambali pawo.

"Ababa."

Sanatembenuke.

"Ababa, dzira ndinamupatsa ndine. Kangapo konse. Juliana anapeza makoko n'kundiletsa. Ndinkafuna kuti galu azindikonda ine."

Pompi inaima. A Sebastiano anamuyang'ana mwana wawo, kenaka anayang'ana a Teresa. Emelia anadikira mbama, koma sinabwere.

"Amayi ake Emelia, pitani kwa a Mailosi mukawauze zimene mwamvazi, liwu ndi liwu." Anamangirira pompi panjinga. "Iwe, woyenera kumva mawu amenewa si ine. Mwini wake ali panjira. Kwera."

Emelia anakwera pakaliyala. Anadutsa msika anthu akuyala kumene nsomba, natenga kanjira ka m'mbali mwa njanji. Dzuwa linakwera msanga. Pamalo a mchenga a Sebastiano ankatsika n'kuwerama, ndipo mapazi ankaoneka bwinobwino, a mwana ndi a galu, moyandikana. Emelia anaitana dzina la mng'ono wake mpaka mawu anasasa. Kenaka anayamba kuitana galu.

"Pyadidi. Pyadidi."

Aka kanali koyamba kuti atchule dzina limeneli.

Dzuwa lili pamutu anafika pa mtsinje wouma, pamene njanji imawoloka pamlatho wachitsulo. A Sebastiano anatsamiritsa njinga n'kutsetserekera mumchenga. Anayenda pang'ono, kenaka anaima.

Chingwe cha galu chinali pansi, chitadulidwa ndi mpeni. Mapazi a galu anakhotera kum'mawa, kubango la ku Shire, motalikirana ngati a galu wothawa. Mapazi a Juliana anapitirira kummwera. Koma sanalinso okha. Pambali pake panali zidindo zakuya za nsapato zazikulu za munthu wamwamuna wosadziwika, amene analowera naye mwanayo kumalire.